Kufanana kwa mayina a mbewu si umboni wa ubale wa zilankhulo

Ndatopa kumva nkhani yomwe yakhala ikubwerezedwa kwa zaka zambiri, yakuti Chitchaina ndi zilankhulo za kumapiri a Caucasus, omwe ali kumalire a Ulaya ndi Asia, zinachokera kwa kholo limodzi chifukwa mayina ena a mbewu amamveka mofanana. Ganizoli linafala m'zaka za m'ma 1980, koma akatswiri ambiri a zilankhulo salivomereza mpaka pano.

Ku Caucasus kwenikweniko kuli mabanja atatu osiyana a zilankhulo. Chijojiya chili m'banja lina, Chiabukhazi lina, Chicheceni linanso. Ndiye tikufananitsa ziti?

Chachikulu n'chakuti mbewu zimayenda ndi amalonda, ndipo dzina limatsagana nazo. Tirigu anayamba kulimidwa ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, nakafika ku China patapita zaka masauzande. Ifenso mawu akuti tirigu tinawatenga ku Chipwitikizi, "trigo", koma palibe amene anganene kuti Chichewa ndi mphwake wa Chipwitikizi.

Ubale weniweni umaonekera m'mawu amene anthu sabwerekana kawirikawiri, monga manambala ndi ziwalo za thupi. Mwachitsanzo, Chitchaina ndi Chitibeti (chilankhulo cha ku Tibet) ndi zapaubale weniweni: mawu otanthauza zitatu ndi "sān" m'Chitchaina ndi "gsum" m'Chitibeti, ndipo mawu ena ambiri amagwirizana motsata ndondomeko imodzi ya kasinthidwe ka mamvekedwe.

Mukaona mndandanda wa mawu ofanana, musathamangire kutumizira anzanu. Yang'anani m'dikishonale yofotokoza chiyambi cha mawu kuti kalelo ankatchulidwa bwanji, tanthauzo likugwirizanadi kapena akakamiza, ndiponso kuti mbewuyo inafika liti m'deralo.