Misozi yomwe inatseka maso a Chris Hadfield kunja kwa chombo

Ambiri anawadziwa a Chris Hadfield, woyenda mumlengalenga wa ku Canada, mu 2013 kudzera m'mavidiyo a pa YouTube, akufinya kansalu konyowa mkati mwa International Space Station, siteshoni ya mumlengalenga yomwe imazungulira dziko lapansi, madzi osadontha, akungomatirira m'manja ngati uchi. Kutchuka kumeneko kunabwera ntchito ili pafupi kutha. Bungwe la Canadian Space Agency linawasankha mu 1992, ataphunzira kale kuyendetsa ndege zankhondo ndi kuyesa ndege zatsopano, ndipo mu 1995 anakafika pa Mir, chombo cha dziko la Russia.

Luso lawo linaonekera bwino mu Epulo 2001. Iwo ndi a Scott Parazynski anatuluka kunja kwa International Space Station kukalumikiza Canadarm2, mkono wa makina wotalika mamita oposa 17. Munthu wa ku Canada anali asanatulukepo kunja kwa chombo. Ntchito ili mkati, diso lakumanzere linayamba kuwawa ngati mwalowa tsabola.

Chinachitika n'chiyani? Asanavale chisoti, mkati mwa galasi amapakamo mankhwala okhala ngati sopo kuti mpweya wa m'kamwa usalichititse chifunga, kenako amapukuta mpaka pauma. Tsiku limenelo mankhwala ena anatsalira n'kulowa m'diso. Pansi pano munthu akanangotikita, koma dzanja silingalowe m'chisoti. Chovuta china n'chakuti kumwamba kumeneko misozi sitsika pamasaya. Imangounjikana padiso ngati kampira ka madzi, ndipo kampirako katakula kanadutsa pamwamba pa mphuno n'kulowa m'diso linalo. Maso onse awiri anatsekeka munthu ali panja, chombo chikuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola.

Akatswiri a ku Houston, ku America, omwe ankayang'anira ulendowo ali pansi pano, anaopa zina. Mu chovala chotulukira kunjacho muli lithium hydroxide, mankhwala oyamwa mpweya woipa womwe munthu amapuma, ndipo akatayikira mkati amapsereza maso ndi mapapo. Anawauza kuti atsegule valavu, mpweya wa m'chisoti uzitulukira kunja, watsopano uzilowa kuchokera m'thanki. Kumeneko n'kutaya dala oksijeni yemwe ndiye moyo wako, ndipo kumafuna mutu wozizira. A Hadfield anatsegula, n'kudikira. Misozi yomweyo inasungunula sopo uja pang'onopang'ono, maso anayamba kuona, ndipo anapitiriza kumanga mabawuti.

Ulendo wawo womaliza unayamba pa 19 Disembala 2012 pa chombo cha Soyuz. Mu Malichi 2013 anakhala mkulu wa siteshoni yonse, ndipo mu Meyi anatera ku Kazakhstan atakhala kumwamba miyezi pafupifupi isanu. Anapuma pantchito mu Julayi chaka chomwecho. Thupi linali litalipira: ngakhale amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse, mafupa a m'chiuno amafooka mwezi ndi mwezi, ndipo atangotera ankamva kulemera kwa lilime ndi milomo polankhula.