Musanalipire sitandi yakutali chifukwa choti mumagwirira ntchito kunyumba

Mwezi uno wokha anthu atatu akhala pampando mu ofesi yanga n'kundiuza mawu amodzimodzi: "Bambo, kutalika si nkhani, ine ntchito ndimagwirira kunyumba." Awiri mwa iwo anali atalipira kale sitandi, malo omangapo nyumba. Ndine loya, ntchito yanga ndi yosamutsa umwini wa nyumba ndi malo muno mu Harare, ndipo mawu amenewa anditopetsa chifukwa ndimadziwa zomwe zimatsatira. Munthu akangodzitsimikizira kuti mtunda ulibe kanthu, amasiya kufunsa mafunso ena onse. Safunsanso za madzi, za magetsi, za msewu, ngakhale za mwini malo weniweni. Amangoona mtengo wotsika ndi chithunzi cha pafoni.

Sindikuletsa aliyense kugula kutali. Ku Chitungwiza, pafupifupi makilomita 25 kuchokera pakati pa tawuni, kuli nyumba za mapepala abwino. Ku Ruwa zilipo, ku Norton, komwe ndi makilomita pafupifupi 40 pa Bulawayo Road, zilikonso, ndipo ndasamutsa zambiri popanda vuto. Koma sitandi ikatsika mtengo mpaka inu nomwe n'kudabwa, chomwe chaitsitsa nthawi zambiri si mtunda wokha. Ndiye kuti pali china chomwe palibe: msewu, mapaipi a madzi, suweji, mapolo a magetsi, kapena pepala lenilenilo. Zomwe zikusowazo mudzazilipira ndinu, pang'onopang'ono, kwa zaka.

Tiyeni tione ntchito ya kunyumbayo. Laputopu imafuna magetsi tsiku lonse. Amene munali kuno mu 2019 mukukumbukira magetsi akuzima mpaka maola 18 patsiku madzi atachepa ku Kariba, ndipo vutoli limabwerera. Kumeneko ndi kumadera omwe ZESA, kampani ya magetsi, inafikako kale. M'madera atsopano a m'mphepete mwa mzinda, ambiri alibe ndi polo yomwe, ndipo anthu amasonkherana okha ndalama za thiransifoma ndi mawaya, n'kudikira. Choncho mtengo wa sola, invata ndi batire muuphatikize ku mtengo wa sitandi kuyambira tsiku loyamba, ndipo mukumbukire kuti batire limatha, mudzagulanso lina. Intaneti nayo muiyese nokha mutaima pasitandipo, masana komanso madzulo, osati kumva kwa wogulitsa. Mawaya a TelOne kapena Liquid safika paliponse, ndipo netiweki ya Econet kapena NetOne imatha kugwira bwino pamsewu waukulu n'kufooka mukangotsikira kumunsi. Ena amati adzagula Starlink, intaneti ya pa satelayiti, yomwe inayamba kugwira ntchito kuno mu 2024. Chabwino, koma nayonso imadya magetsi omwe aja.

Madzi ndiye anthu amawaiwala kwambiri, chifukwa yemwe amachoka m'mawa n'kubwera usiku saona kuvuta kwake. Wokhala pakhomo tsiku lonse ndi amene amaona. Chitungwiza ilibe malo akeake oyeretsera madzi, imadalira a ku Harare, ndipo madzi a ku Morton Jaffray, malo aakulu oyeretsera madzi a Harare, sakwanira ngakhale mzinda weniweniwo. Kumalo kopanda mapaipi mudzaima pamzere pamjigo nthawi yomwe bwana akukudikirani pamsonkhano wa pa intaneti, kapena mudzagula madzi a pagalimoto, kapena mudzakumba chitsime pafupi ndi chimbudzi cha mnansi wanu. Amene tinaona kolera wa 2008 ku Budiriro, ndi wa 2018 ku Glen View, sitimva mawu oti chitsime pafupi ndi chimbudzi mopepuka.

Ndipo ulendo wa m'tawuni sutha ayi. Mwana adzadwala usiku. Sukulu yabwino idzakhala kutali. Maliro a kumpingo adzakhala ku Mabvuku kapena ku Highfield, ndipo simungalephere kupita. Chachikulu, bwana amasintha maganizo. Ambiri anayamba kugwirira ntchito kunyumba m'nthawi ya Covid, kuyambira pa 30 March 2020, ndipo si onse amene adakali kunyumba lero. Tsegulani kalata yanu ya ntchito muwerenge. Ngati simunalembedwe kuti malo anu antchito ndi kunyumba, ndiye kuti ndi chisomo chabe, chikhoza kutha ndi uthenga umodzi wa pa WhatsApp. Nyumba mudzakhala nayo zaka makumi awiri kapena kuposa. Kodi ntchito imeneyo mudzakhala nayo zaka zingati? Werengerani ngati mukukwera makombi awiri popita ndi awiri pobwera, dola imodzi iliyonse: ndi madola 4 patsiku, madola 88 pamasiku 22 a ntchito, kuwonjezapo maola omwe mudzakhala pa Seke Road kapena pa Simon Mazorodze m'mawa, ndi mzere wodikira kombi pa Charge Office kapena Market Square madzulo mvula ikugwa. Kombi nayo imathera pomwe tala wathera, kotsalako ndi kwa miyendo yanu m'matope a January.

Pali nkhani imodzi yomwe imandisowetsa mtendere mpaka lero. Ndi ya mtsikana wa kumpingo kwathu ku CCAP. Agogo ake ndi bambo anga anachokera boma limodzi ku Malawi, choncho amayi ake ndimawatchula kuti achemwali, iye amanditchula kuti amalume. Amagwira ntchito yowerengera ndalama za kampani ina, ndipo pa nthawiyo ankagwirira m'chipinda chomwe ankachita lendi ku Warren Park. Anasunga madola kwa zaka zinayi, osagula ngakhale foni yatsopano. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anandithamangira ali ndi chimwemwe. "Amalume, taonani sitandi yanga." Anandionetsa zithunzi. Malo ake anali kum'mwera kwa mzinda, kudzera mu kopaletivi ina, gulu logawa masitandi kwa mamembala ake. Ndinamufunsa za mtunda, iye n'kuyankha mawu omwe aja. Ine ndinati, "Ubwere ku ofesi Lachitatu ndi mapepala onse, tiwaone."

Pachithunzi chimodzi, kumbuyo kwa zikhomo, ndinaona dothi lakuda la makande ndi udzu wautali wa m'dambo. Ndinaziona ndithu. Koma anthu anali kundipatsa moni, panalinso msonkhano wa akuluampingo, ndipo ndinaganiza kuti Lachitatu si kutali. Sindinanene mawu omwe ndinayenera kunena pomwepo, akuti usapereke ngakhale senti imodzi mpaka nditaona. Lolemba wapampando wa kopaletiviyo anamuimbira kuti masitandi atsala awiri okha, ndipo pali munthu wa ku Johannesburg yemwe akutumiza ndalama mawa. Lachiwiri anapita n'kukapereka ndalama zonse pamanja. Anapatsidwa lisiti ndi khadi la umembala. Lachitatu sanabwere, anachita manyazi, ndipo ine sindinamuimbire.

Anafika patatha miyezi iwiri, atakumba kale maziko, chifukwa bambo wina anabwera pamalopo ndi lisiti la nambala ya sitandi yomweyo. Titafufuza tinapeza kuti kopaletiviyo inalibe umwini wa malowo, panalibe chilolezo chowagawa, ndipo mbali imeneyo sinali yomangapo nyumba. Mvula itayamba, maziko anadzaza madzi. Kenako kampani yake inati onse azibwera ku ofesi masiku atatu pasabata. Atakhala pampando uja anangoti, "Amalume, ndiye ndalama zanga zapita?" Amayi ake anali pambali pake, osayankhula. Sindinathe kuwayang'ana kumaso achemwali anga.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimene zinamuchitikira si zachilendo. Mu 2018 boma linalumbiritsa komiti yofufuza za kagulitsidwe ka malo a boma m'matawuni, motsogozedwa ndi woweruza Tendai Uchena, ndipo lipoti lake linaperekedwa mu December 2019. Mbava za malo, zomwe kuno timangoti ma land baron, sizinathe chifukwa cha lipotilo. Taona nyumba zikugwetsedwa ku Arlington pafupi ndi bwalo la ndege mu 2016, ndi ku Budiriro mu December 2020, mvula ili m'kati. Ena amandiuza kuti ndime 74 ya malamulo oyendetsera dziko a 2013 imawateteza. Ndimeyo imati nyumba yanu isagwetsedwe popanda chigamulo cha khoti. Sikupatsani umwini. Khoti likagamula, makina amabwera.

Tsono mvetserani za mapepala. Lisiti si umwini. Khadi la kopaletivi si umwini. Kalata yokulonjezani malo si umwini. Ngakhale mgwirizano wogulitsana wokhala ndi chidindo sukupangani mwini. Mwini ndi amene dzina lake lalembedwa ku Deeds Registry, ofesi ya boma yolembetsera umwini wa malo, ndipo title deed, chikalata cha umwini, yomwe wogulitsa akukuonetsani iyenera kukayerekezedwa ndi yomwe ili kumeneko, chifukwa zabodza zilipo, komanso alipo anthu oyenda ndi chitupa cha mwini nyumba yemwe ali kunja kwa dziko ndipo sakudziwa kanthu. Kufufuza kumeneko kumaonetsanso ngati nyumbayo ili pa chikole kubanki kapena ngati wina anaikapo chiletso. Nyumba zambiri za m'malokesheni zili pa cession, kutanthauza kuti umwini udakali ndi khonsolo kapena kampani yogawa malo, ndipo inu mukugula ufulu wa wogulitsayo. Zimenezo zimatheka, koma mupite limodzi ku ofesi ya khonsolo mukaone fayilo ndi maso anu, ndipo khonsolo ivomereze. Ngati akukugulitsani chigawo cha malo aakulu, funsani chilolezo chogawa malowo. Ndime 39 ya lamulo la Regional, Town and Country Planning Act imaletsa kugulitsana chigawo chotere chilolezo chisanatuluke, ndipo makhoti akhala akunena kuti mgwirizano wotero ndi wopanda ntchito. Mawu akuti "chilolezo chili m'njira" ndawamva kokwanira.

Ndalama zisapite m'manja mwa munthu. Zipite ku trust account, akaunti yosungira ndalama za makasitomala, ya loya kapena ya ejenti wovomerezeka, zikhale momwemo mpaka chikalata cha msonkho cha ku ZIMRA ndi cha khonsolo chotsimikiza kuti palibe ngongole zitatuluka, dzina lanu n'kulembedwa. Ndikudziwa chifukwa chake timakonda kupereka pamanja. Tinapsa mu 2008 ndalama zathu zitatha mphamvu, tinapsanso mu 2019 madola a kubanki atasanduka ndalama ya kuno ya RTGS, ndipo ndalama yatsopano ya ZiG itabwera mu April 2024 ambiri anangogwira madola awo mwamphamvu. Manthawo ndi omveka. Koma madobadoba amadyera pa mantha omwewo. Amakuuzani kuti loya akudyerani ndalama, akuchedwetsani, tingomalizira pansi pa mtengo pano. Ena amadzitcha maejenti, ena amadzitcha maloya, ali ndi jekete ndi chikwama ndi tsamba la pa Facebook. Funsani ku Estate Agents Council ngati ejentiyo analembetsa. Funsani ku Law Society of Zimbabwe ngati loyayo ali ndi chiphaso cha chaka chino. Mufunse ngakhale za ine. Dziwaninso kuti mwachizolowezi wogulitsa ndi amene amasankha loya wosamutsa umwini pomwe wolipira ndinu, choncho palibe cholakwika kukhala ndi wanu woti awerenge mgwirizano musanasaine. Ndipo wogulitsa akakhala wakwathu, woyankhula Chichewa, wa mpingo umodzi, musachepetse funso ngakhale limodzi. Ndaona anthu akuchita manyazi kufunsa pepala kwa munthu yemwe amamutchula kuti achimwene, manyaziwo n'kuwadyera ndalama za zaka zinayi.

Kuchedwa kuli pawiri. Kwina n'kubwera kwa loya mutalipira kale, pomwe ntchito yanga yasanduka yothamangitsa ndalama zomwe zinadyedwa. Kwina ndi kwa nyumba za makolo. Mabanja ambiri a ife ochokera ku Malawi ali ndi nyumba ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku kapena Tafara zomwe zidakali m'dzina la agogo amene anamwalira kalekale, nthawi zina dzinalo linalembedwa mosiyana pa chitupa ndi pa fayilo ya khonsolo. Chuma cha malemu sichinalembetsedwe kwa Master of the High Court, ofesi yoyang'anira chuma cha omwalira, ndipo chaka chilichonse mboni zodziwa nkhani zikutha, olowa m'malo akuchuluka. Wachinyamata amasiya nyumba yoteroyo, yomwe ili ndi msewu, magetsi ndi kombi pakhomo, n'kupita kukagula dambo chifukwa akuopa kukambirana ndi azakhali ndi amalume. Mukagula nyumba ya banja lina yotere kwa mwana mmodzi yekha, wopanda kalata yomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu, mwagula mlandu.

Kwa amene akuganizabe zogula kutali, pitani kumaloko Lolemba m'mawa, mvula itagwa usiku, mukwere kombi kuchokera pasitandipo mpaka kuntchito kwanu, muone nthawi. Mufunse amayi a nyumba yoyandikana nayo kuti madzi amatunga kuti, ndiponso kuti pepala lawo analandira liti.

Mtsikana uja anabwerera kukachita lendi, tsopano ku Kambuzuma, chipinda chimodzi. Nkhani tinakaisiya kupolisi ndipo tinalemba zisamani, koma wapampando uja sapezekanso pomwe ankakhala. Njerwa zomwe anagula zidakali pamalopo, ndipo mwezi watha anandiuza kuti anthu ayamba kuzitola.