Chifukwa chake pa migodi ya ku Appalachia panamera udzu m'malo mwa nkhalango

Chigwereni kampani ya Blackjewel mu 2019, n'kusiya migodi ya malasha ili kukamwa yasa ku Kentucky, m'dera la mapiri la Appalachia ku United States, mkangano wa chikole sunazirale. Anthu akufunsa ngati ndalama zimene kampani imasiya m'manja mwa boma isanayambe kukumba zingakwanire kukonza malowo. Koma pali funso lina lakale kuposa ili: malo okonzedwa bwino ndi otani? Lamulo la dziko lonse la United States limene linayesa kuyankha, la Surface Mining Control and Reclamation Act, likwanitsa zaka 50 mu 2027.

Dera la West Virginia, loyandikana ndi Kentucky, linali ndi lamulo lake kuyambira 1939, koma linalibe mano. Pa 26 February 1972 damu la zinyalala za malasha la kampani ya Pittston linaphulika ku Buffalo Creek n'kupha anthu 125. Olemba mbiri ambiri amati ngoziyi ndi imene inafulumizitsa zinthu, ngakhale anthu a m'mapiri anali atayamba kale kudandaula za zigumukire m'ma 1960. Pulezidenti Gerald Ford anakana kusaina bilu ya lamulo la dziko lonselo kawiri, mu 1974 ndi 1975, ndipo Jimmy Carter ndiye anasaina pa 3 August 1977.

Pa nkhani ya dothi, lamuloli sililankhula mozungulira. Dothi lapamwamba lichotsedwe palokha kukumba kusanayambe, ndipo ngati ndi lopyapyala kampani ikhoza kutenga masentimita 15 oyambirira onse pamodzi. Likaunjikidwa libzalidwe udzu kuti lisakokoloke, komabe mulu ukakhalitsa mbewu ndi tizamoyo ta m'nthaka timafa mkati mwake. Pa minda yachonde kwambiri, nthaka imangidwenso kuya mita 1.2. Miyala ya pyrite ikwiriridwe, chifukwa ikakumana ndi mpweya ndi madzi imatulutsa asidi, uja amafiiritsa mitsinje. Malo abwezeredwe pafupifupi mmene anaonekera kale. Zomera zifike pa 90 peresenti ya muyezo wovomerezeka, ndipo kampani idikire zaka 5 kumene mvula imaposa mamilimita 660 pachaka, kapena zaka 10 kouma. Chikole chimabwezedwa m'magawo atatu, ndipo loyamba, lofika pa 60 peresenti, limatuluka akangomaliza kukwirira ndi kusalaza.

Apa ndi pamene zinthu zinakhotera. Oyendera migodi a nthawi imeneyo ankaopa zigumukire kuposa china chilichonse, ndipo m'pomveka. Malo osalala, olimba, obiriwira msanga ndiwo ankawapatsa mtendere. Choncho mabuldoza ankapita ndi kubwerera pamalo amodzi mpaka nthaka itauma gwa ngati msewu. Pamwamba pake ankafesa udzu wa tall fescue ndi sericea lespedeza, n'kuthira feteleza wambiri. Pakutha kwa nyengo imodzi phiri linkaoneka lobiriwira. Koma mbande ya mtengo ikabzalidwa pamenepo, mizu inkalephera kuboola, madzi a mvula ankangoyenderera pamwamba, udzu unkaiphimba, mbewa zobisala mu udzumo n'kumaidya khungwa. Makampani ataona kuti mitengo ikufa ndipo chikole chikuchedwa, anayamba kulemba pa chilolezo kuti malowo adzakhala odyetserako ziweto. Ambiri mwa malo amenewa ng'ombe sinapondepo.

Chimene chinadabwitsa akatswiri a nkhalango ndi chakuti pa migodi ina yakale, imene inasiyidwa milu ya miyala isanafike 1977, mitengo inkakula bwino kuposa pa malo "okonzedwa". James Burger wa ku Virginia Tech ndi anzake anaonetsa kuti chifukwa chachikulu chinali kutsenderezeka kwa nthaka. Oikira kumbuyo lamulolo amayankha kuti milu yakaleyo inkagumukanso ndi kuipitsa madzi, ndipo akunena zoona. Koma lamulo silinaletse nkhalango, chinailetsa ndi chizolowezi cha oyendera ndi kuwerengera ndalama kwa makampani.

Mu 2004 panakhazikitsidwa Appalachian Regional Reforestation Initiative, imene inalimbikitsa njira ina. Mizu ipatsidwe pomera pakuya mita 1.2, pa dothi lapamwamba losakaniza ndi mwala wamchenga wofiirira umene unafumbutuka kale. Wotuwa wochokera pansi umakhala ndi mchere wambiri ndipo pH yake, muyezo umene umakwera asidi akachepa m'nthaka, imakwera kuposa imene mitengo ya oak imakonda. Magalimoto akhuthule milu moyandikana, buldoza idutse kamodzi kapena kawiri basi, makamaka nthaka ili youma. Udzu ukhale wosachedwa kugonja, feteleza wa nayitrojeni achepe. Pobzala asakanize mitengo yamatabwa ndi ina yokula msanga imene imaitana mbalame, nazonso zimabweretsa mbewu zina.

Njirayi ndi yololedwa, koma si yokakamiza. Ndipo malo amene chikole chake chinabwezedwa kale alibenso kampani yowayang'anira, mwakuti chiwerengero cha mahekitala ake chimasiyana malinga ndi amene akuwerenga. Kumeneko bungwe la Green Forests Work, limene linayamba mu 2009, limayamba ndi kugwetsa zitsamba za autumn olive, kenako buldoza yokhala ndi dzino lachitsulo imang'amba nthaka kuya pafupifupi mita imodzi, mopingasa, kuti mbande ipeze polowetsa muzu.