Fayilo ya DSML ikaimira panjira, zomwe zalowa zalowa

Ndatopa kumva anthu oyang'anira makompyuta akunena kuti, "Fayilo ija yakana, ndiye palibe chasintha." Zasintha ndithu.

DSML, yomwe mtundu wake wachiwiri unavomerezedwa ndi bungwe loika miyezo ya zamakompyuta la OASIS mu 2002, imangotenga malamulo a LDAP (njira yolankhulira ndi seva, kompyuta yosunga kaundula wa anthu ndi maakaunti awo) n'kuwalemba mufayilo m'kalembedwe kotchedwa XML: onjeza munthu, sintha dzina, fufuta akaunti. Malamulowa amamangidwa mtolo umodzi wotchedwa batchRequest, ndipo anthu poona mtolowo amayesa kuti umalowa wonse kapena kukanika wonse. Ayi. Seva imagwira lamulo lililonse palokha. Likakanika la nambala 40, ngati simunakhudze onError (pomwe mumauza seva chochita lamulo likakanika), ntchito imaimira pomwepo, koma 39 oyamba aja alowa kale ndipo sabwerera.

Pali nkhani ina imene imandiwawabe. Pa kampani ina anakonza fayilo imodzi: pamwamba antchito atsopano, pansi ochotsedwa ntchito. Chapakati panali DN (dzina lonse lozindikiritsa munthu m'kaundula) yolembedwa molakwika, seva n'kuyankha ndi nambala ya vuto 32, noSuchObject (dzinalo mulibe), basi n'kuima. M'mawa atsopanowo analowa mu makompyuta awo bwinobwino, aliyense n'kumati zatheka. Maakaunti a ochotsedwa aja anakhala otsegula kwa miyezi, ena a iwo anthu ochoka ndi mkwiyo. Yankho la seva linalipo chikhalireni, lolemba momveka, popanda wolitsegula. Chondipweteka n'chakuti kuliwerenga sikukanatenga ndi nthawi yomwe.

Chenjerani ndi akatswiri a pakamwa amene mankhwala awo ndi amodzi: "Ingoitumizaninso." Mukaitumizanso, addRequest (lamulo loonjeza munthu) yoyamba yomweyo ibwera ndi 68, entryAlreadyExists (munthuyo alimo kale), n'kuimanso. Pamenepo amasintha onError kukhala resume (pitiriza) kuti phokoso lithe, seva n'kumalumpha zokanika mwakachetechete, iwo n'kulandira malipiro. Omwewo ndi amene amakuuzani kuti mapasiwedi ali mufayiloyo ndi otetezeka chifukwa ali mu base64, njira yolembera zinthu m'zilembo ndi manambala. Base64 sibisa kanthu, aliyense atha kuimasula m'kamphindi.

Lamulo lililonse lipatseni requestID yake, chizindikiro cholidziwira m'mayankho. batchResponse, mtolo wa mayankho a seva, iwerengeni tsiku lomwelo, osati nkhani ikavuta, ndipo muwerengetse ngati mayankho akufanana kuchuluka ndi malamulo omwe munatumiza. Zofufuta maakaunti ziikeni mufayilo yakeyake, izipita yoyamba, kenako mufufuze ndi searchRequest ngati anthuwo achokadi.