Mabotolo awiri ofanana, limodzi lochititsa khungu

Tiyerekeze kuti patebulo pali mabotolo awiri opanda chizindikiro. M'limodzi muli ethanol, chimene chimaledzeretsa mu kachasu ndi m'mowa wina uliwonse. M'linalo muli methanol. Pamaso zonse n'zoyera ngati madzi akumwa, ndipo fungo lake silisiyana kwenikweni. Koma methanol ikalowa m'thupi, chiwindi chimaisandutsa formic acid, asidi amene amawononga mtsempha wa maso mpaka munthu kuchita khungu, ngakhale kufa kumene. Mu labu sitilawa kanthu, ndiye timasiyanitsa bwanji?

Timadalira kuwala. Madzi amchere akatayikira pa moto wa gasi, lawi limasanduka lachikasu, chifukwa sodium wa mumchere akatenthedwa amatulutsa kuwala kwa mtundu wakewake. Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff a ku Heidelberg, m'dziko la Germany, anatsata njira imeneyi mpaka anatulukira zitsulo ziwiri zatsopano, caesium mu 1860 ndi rubidium mu 1861. Luso lozindikira chinthu poona kuwala kumene chimameza kapena kutulutsa ndi limene timalitcha spectroscopy.

Wophunzira wa kemisitiri ku yunivesite amayambira pa makina a infrared, kuwala kosaoneka ndi maso. Amadonthezera kadontho kamodzi pamakinawo, ndipo pasanathe mphindi pakompyuta pabwera mzere wokhala ndi zigwa. Maatomu olumikizana amanjenjemera, ndipo mgwirizano uliwonse umameza kuwala kolingana ndi kanjenjemeredwe kake. Chigwa chotakata cha pafupi ndi 3300 pa sikelo ya makinawo chimasonyeza oxygen yogwirana ndi hydrogen. Apa ophunzira ambiri amafulumira kulemba yankho. Vuto n'lakuti mabotolo onse awiri ali nacho chigwacho. Kusiyana kulipo ndithu, koma kuli m'tizigwa tothinana ta pansi pa 1500, timene maso osazolowera sangatiwerenge.

Mass spectrometer imayeza kulemera kwa molekyu, kagulu ka maatomu olumikizana: methanol 32, ethanol 46. Apa zayamba kuoneka, komabe 46 payokha si umboni, pakuti formic acid yomwe ija imalemeranso 46.

Amene amathetsa mkangano ndi makina a NMR, ndipo kwa ine awa ndiwo okoma kuphunzitsa. Kachubu kagalasi kowonda kamatsitsidwa m'kati mwa maginito amphamvu kwambiri, kenako amakawomba ndi mafunde a wailesi. Atomu iliyonse ya hydrogen imayankha malinga ndi maatomu amene yayandikana nawo. Ethanol imatulutsa magulu atatu a zizindikiro pakompyuta, a ma hydrogen 3, 2 ndi 1. Methanol imatulutsa awiri okha, a 3 ndi 1. Ukaphatikiza izi ndi za makina awiri oyamba aja, mpata wolakwitsa umakhala utatsekeka. Felix Bloch ndi Edward Purcell analandira mphoto ya Nobel mu 1952 chifukwa cha luso limeneli, ndipo makina a MRI a kuchipatala amayendera mfundo yomweyo. Kungoti makina a NMR ndi odula, ndipo ambiri amafuna helium yamadzi yoziziritsira maginito.

Mowa weniweni wokayikitsa sufika mu labu uli chinthu chimodzi. Umakhala wosakanikirana ndi madzi ndi zina zambiri, choncho timayamba taupatula ndi gas chromatography. Kadontho kamasandutsidwa nthunzi n'kudutsa m'kapaipi kowonda, kotalika mwina mamita 30, kokulungidwa mu uvuni. Methanol imawira pa madigiri 65 Celsius pomwe ethanol imawira pa 78, ndipo kawirikawiri methanol ndiyo imayamba kutulukira. Kukula kwa nsonga imene imajambulika pakompyuta ikamatuluka, tikakuyerekeza ndi muyezo wodziwika kale, kumatiuza kuchuluka kwa poizoniyo m'botolomo.