Mwendo umodzi ukatupa mutatsika ndege

Aliyense amene anayendapo ulendo wautali pa ndege amadziwa kuti potsika nsapato zimathina. Mapazi onse awiri amakhala atafufuma pang'ono, koma mukagona usiku umodzi amaphwa okha. Zimenezo sizindidetsa nkhawa. Amene amandidetsa nkhawa ine monga dokotala ndi munthu wobwera patatha masiku asanu kapena milungu iwiri, mwendo umodzi wokha utatupa, katumba akuwawa ngati wakokana, iye n'kumati mwina anaugonera. Za ndege ija amakhala ataiwala kale. Ndikamufunsa kuti, "Kodi mwayendako ulendo wautali posachedwapa?" amadabwa kuti ulendo ukukhudzana bwanji ndi mwendo.

Ndimatenga tepi n'kuyeza miyendo yonse iwiri, masentimita 10 kutsika kuchokera pabondo. Wotupawo ukaposa unzake ndi masentimita opitirira 3, ndipo ndikaugwira n'kumva kuti ndi wofunda, ndimafuna aunikidwe ndi makina a ultrasound tsiku lomwelo. Chomwe tikufufuza ndi mbulu wa magazi oundana mumtsempha wa mkatikati mwa mwendo, vuto limene kuchipatala timalitchula mwachidule kuti DVT.

Magazi akatsikira kumapazi, kuti akwerenso kumtima amadalira akatumba a m'miyendo. Mukamayenda, akatumbawo amafinya mitsempha, magazi n'kukwera, ndipo tizitseko ting'onoting'ono ta m'mitsemphamo timatseka kuti asabwerere pansi. Tsono taganizirani munthu amene wakhala phee maola khumi, mawondo atapindika, m'mphepete mwa mpando mukukanikiza kuseri kwa bondo, chikwama chili kumapazi. Akatumba aja agona. Magazi amadikha, ndipo magazi odikha sachedwa kuundana. Dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, amene anafufuza za kuundana kwa magazi m'zaka za m'ma 1850, ndiye timamukumbukira tikamatchula zinthu zitatu zoyambitsa vutoli: magazi kuyenda pang'onopang'ono, mtsempha kuvulala mkati, ndi magazi eni akewo kukhala osachedwa kuundana. Ulendo wautali umabweretsa choyambacho. Zinazo munthu amakwera nazo m'ndege kuchokera kunyumba.

Ena amalitcha vutoli economy class syndrome, ngati kuti ndi la okwera mipando yotsika mtengo okha. Dzinali limasocheretsa. Mu 1940, mabomba akugwa ku London, dokotala woyeza mitembo Keith Simpson anaona kuti anthu ogona chokhala pamipando m'malo obisalamo ankafa ndi magazi oundana m'mapapo. Munalibe ndege m'menemo. Mu 1954 John Homans, dokotala wa ku Boston, analemba za dokotala mnzake amene anadwala DVT atayenda maola 14 pa ndege. Basi, sitima kapena galimoto zimachita chimodzimodzi ngati munthu wakhala osagwedezeka nthawi yaitali.

Sindikufuna kuti muziopa ndege. Mu 2007 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wake wotchedwa WRIGHT. Linapeza kuti ulendo wa maola anayi kapena kuposerapo umawirikiza kawiri chiopsezo, komabe pa anthu pafupifupi 6,000 oyenda ulendo wotere, mmodzi yekha ndiye amapezeka ndi vutoli. Linapezanso mfundo imene ndimalakalaka aliyense ataidziwa: chiopsezocho sichithera pabwalo la ndege, chimapitirira kwa milungu pafupifupi inayi. Ndiye amene wakwera ndege kangapo motsatizana, chiopsezo chake chimaunjikana.

Nambala ija ya 6,000 imaphatikiza aliyense, achinyamata athanzi ndi odwala omwe. Kwa ena chiopsezo ndi chachikulu kuposa pamenepo. Ngati munadwalapo kale DVT, kapena m'banja mwanu muli amene anadwalapo. Ngati mwachitidwa opaleshoni yaikulu posachedwa, makamaka ya bondo kapena chiuno, kapena mwendo uli mu pulasitala. Ngati muli ndi khansa. Ngati ndinu oyembekezera kapena simunathe milungu isanu ndi umodzi chiberekereni. Ngati mumamwa mapiritsi olera okhala ndi mahomoni a estrogen. Ngati ndinu onenepa kwambiri kapena okalamba, chonde kambiranani ndi dokotala musanagule n'komwe tikiti. Ngakhale msinkhu uli ndi mbali yake. Wamtali kuposa mamita 1.9 amakhala mopanikizika, pamene wamfupi osafika mamita 1.6 mapazi ake safika bwino pansi, ndiye mpando umamudinda kuseri kwa mawondo ulendo wonse.

Zoyenera kuchita m'ndegemo si zovuta. Sankhani mpando wa m'mbali mwa kanjira, chifukwa wokhala pawindo amachita manyazi kudzutsa anzake ndipo amangopirira. Dzukani muyendeyende pakatha ola limodzi kapena awiri. Muli chikhalire, pondani zala pansi mukweze zidendene, kenako pondani zidendene mukweze zala, kangapo konse. Chikwama chiikeni pamwamba kuti miyendo iwongoke. Imwani madzi. Mowa wambiri ndi mapiritsi ogonetsa ndimaletsa, chifukwa munthu amagona ngati chipika maola ambiri osatembenuka.

Kwa amene ali pachiopsezo chachikulu, masokosi apadera othina ofika pansi pa bondo amathandiza, bola akhale okuyezani bwino ndipo musawapinde m'mwamba, chifukwa akapindidwa amamanga mwendo ngati chingwe. Anthu ambiri amandifunsa za aspirin. Sitilangiza kumwa aspirin chifukwa cha ulendo wokha: phindu lake pa vutoli ndi lochepa ndipo amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Ochepa amene akufunikadi mankhwala timawapatsa jakisoni wa heparin kapena mankhwala ena oletsa kuundana, dokotala atawaunika kaye.

Chimene chimapha si mwendo wotupawo. Mbulu uja ukathothoka umayenda ndi magazi, kudutsa mumtima, n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Munthu amayamba kubanika mwadzidzidzi, m'chifuwa mumabaya akamakoka mpweya, mtima umathamanga, nthawi zina amatsokomola magazi kapena kukomoka. Apa musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale mwendo usanatupe, chifukwa ena chizindikiro chawo choyamba ndi cha m'chifuwa.

DVT ikapezeka msanga imachizika ndi mankhwala oletsa kuundana kwa magazi monga warfarin, rivaroxaban kapena apixaban, kawirikawiri kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Mwendo umodzi ukatupa mkati mwa mwezi chitsikireni ndege, musauthowe, musausisite, musalole wina kuufinya kuti uphwe. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asanakufunseni n'komwe, auzeni tsiku limene munayenda ndi maola amene munakhala m'ndege.