Musabise ma ARV polandira mankhwala a cholesterol

Ndatopa kumva odwala pa windo la mankhwala kuno ku Zomba akunena kuti munthu wowonda amene sadya zonona sangakhale ndi cholesterol (mafuta amene amatha kutseka mitsempha) yochuluka m'magazi. Mbali yaikulu ya cholesterol imene ili m'thupi mwanu simunaidye, imapangidwa ndi thupi lomwelo, makamaka chiwindi, ndipo n'chifukwa chake ngakhale munthu wodya nsima ya nkhwani ndi matemba a ku Chilwa amatha kupezeka nayo.

Amene anagwira vutoli pa tsinde anali Akira Endo, katswiri wa ku Japan yemwe anamwalira mu 2024. Akugwira ntchito ku kampani ya Sankyo, iye anayeza mitundu ya nkhungu pafupifupi 6,000 kufunafuna chinthu choletsa chiwindi kupanga cholesterol, ndipo mu 1973 anachipeza mu nkhungu yotchedwa Penicillium citrinum. Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas ku America, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 1985, anasonyeza kuti chiwindi chikachepekedwa cholesterol chimayamba kukoka ya m'magazi, motero mitsempha imapepukidwa. Mankhwala oyamba a gulu la ma statin, omwe amatsitsa cholesterol, anavomerezedwa ku America mu 1987, ndipo simvastatin ndi atorvastatin amene timapereka lero ndi zidzukulu za ntchito ya Endo.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti chiwindi chomwecho ndi chimene chimaphwanya mankhwalawa kuti atuluke m'thupi, ndipo simvastatin amadutsa pa njira imodzi yotchedwa CYP3A4. Ritonavir, amene amasakanizidwa ndi atazanavir kapena lopinavir m'ma ARV a mzere wachiwiri (operekedwa oyamba akalephera kugwira ntchito), amatseka njirayi, kotero simvastatin amangounjikana m'magazi mpaka kuyamba kuwononga minofu. Mankhwala opha mabakiteriya a erythromycin ndi clarithromycin amachitanso chimodzimodzi, pamene rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafulumizitsa chiwindi moti statin amatha asanagwire ntchito yake.

Bambo wina wa zaka za m'ma 50 sindimuiwala. Ma ARV ankalandira mokhulupirika ku chipatala cha boma, koma za kuthamanga kwa magazi ankapita ku chipatala china cholipira ndi kabuku kena, chifukwa sankafuna kuti akumeneko adziwe za kachilombo. Atafunsidwa ngati pali mankhwala ena amene akumwa, anayankha kuti palibe, ndipo anamulembera simvastatin. Ntchafu ndi mapewa zitayamba kuphwanya anaganiza kuti ndi malungo. Mkodzo utada ngati tiyi wopanda mkaka, achibale anamugulira botolo la zitsamba kwa ogulitsa amene amalengeza pa chimkuzamawu kuti amatsuka magazi ndi impso. Pofika kwa ife nkuti akulephera kudzuka pampando, impso zitayamba kale kufooka ndi zinyenyeswa za minofu yowonongekayo. Anachira, koma atagona m'chipatala nthawi yaitali pa chinthu chimene chikanapeweka ndi chiganizo chimodzi, popeza pali ma statin ena monga pravastatin amene sadalira njira ya CYP3A4.

Ogulitsa mabotolowa ndilibe nawo mawu okoma. Sadziwa mulingo wa zimene asakaniza, sanayezepo chiwindi cha munthu ngakhale mmodzi, ndipo wodwala akafika potupa miyendo kapena maso achikasu, iwo amakhala atasamukira kale pa msika wina. Palibe chakumwa chimene chimatsuka cholesterol m'mitsempha, ndipo sabata imene mwataya poyesa botolo ndi sabata imene impso zanu zikanapulumutsidwa.

Sindikunena kuti amene ali pa ma ARV aziopa ma statin. Kafukufuku wa REPRIEVE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anapeza kuti pitavastatin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 pa 100 alionse mwa anthu omwe ali ndi HIV, ndipo dolutegravir, ARV amene ambiri akumwa masiku ano, salimbana ndi ma statin monga mmene ritonavir amachitira. Bweretsani mabuku anu onse ndi mabotolo onse, a zitsamba omwe, kuti wolemba mankhwala asankhe statin woyenera ndi mulingo wake. Ngati mwayamba kale kumwa ndipo minofu ikupweteka popanda chifukwa kapena mkodzo wada, lekezani statin yekhayo, ma ARV musasiye, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.